Mfuti za Bwana Makiyi

Bambo anga anagwira ntchito m'nyumba ya zida ku Zomba kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba, koma sanawombepo mfuti ngakhale kamodzi. Ankatha kuiphwasula ndi kuimanganso ali chitsinzinire. Lamulo la atsamunda linali lakuti munthu wakuda wa m'nyumbamo azipukuta, azithira mafuta, azinyamula, koma mfuti yathunthu isamakhale m'manja mwake. Mfuti zinkagona m'chipinda china, mabawuti ake otsekera chipolopolo m'chipinda china, zipolopolozo kuseri kwa chitseko chachitsulo. Makiyi a zitseko zitatuzo ankalendewera m'chiuno mwa mzungu mmodzi, ndipo anthu a kwathu ku Chinamwali anangomutcha Bwana Makiyi. Dzina lake lenileni ndikulidziwa, koma sindifuna kulitchula.

Agogo anga, obala bambo, anali osula zitsulo. Ankasula makasu, nkhwangwa ndi mfuti za gogodera zophera nguluwe m'minda. Boma la atsamunda litaletsa munthu wakuda kusula mfuti, anawagwira, n'kuwang'ambira mvukuto, n'kukawatsekera. Anatuluka m'ndende akutsokomola ndipo sanasulenso. Mfuti zololedwa zonse zinkachokera ku mafakitale a ku Mangalande, pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, pa njanji mpaka ku Limbe, pa lole mpaka ku Zomba. Amene ankatsitsa mabokosiwo, atavala yunifolomu ya kaki yopanda nsapato, anali mwana wa wosula uja. Bambo sankaona chachilendo pamenepo. Ankangoti ntchito ya boma.

Dziko litalandira ufulu, Makiyi anakhalabe zaka zingapo, kenako anabwerera kwawo. Ife tinkayesa tathana naye. Koma tsiku lina kalata inafika. Ankati watsegula kampani ku London ndipo akufuna munthu wa manja okhulupirika. Ngati Jemusi, ndilo dzina la bambo, ali ndi mwana wamwamuna wodziwa zitsulo, amutumize, za pasipoti ndi pemiti akonza yekha. Ine nthawi imeneyo ndinkakonza njinga pamsika wa Zomba. Bambo anaiwerenga kalatayo katatu, n'kupita nayo kutchalitchi kukaonetsa anzawo.

Amene sanasangalale anali achemwali anga aakulu, a Edina, amene anandilera mayi atamwalira.

"Munthu amene sanakupatsenipo ngakhale mpando muofesi mwake, lero mukumupatsa mwana?" anawafunsa bambo.

"Wandikumbukira," bambo anayankha. "Ndi azungu angati amene anapita n'kumakumbukirabe antchito awo?"

Amuna a achemwali angawo, alamu anga a Likoswe, anali dalaivala wa lole. Iwo ndiwo anandiperekeza ku Chileka. Pa geti la bwalo la ndege anavula jekete lawo n'kundiveka. "Akuti kuzizira kwa kumeneko kumaposa kwa ku Dedza. Ukapeza lako udzanditumizire lachikopa," anatero akuseka.

Makiyi anandichingamira yekha. Anali atanenepa, tsitsi litathothoka, koma mawu anali omwe aja amene ndinkawamva ndili mwana ndikapititsa chakudya cha bambo pa geti. Sanandipatse moni. Anagwira manja anga, n'kuwatembenuza uku ndi uku ngati akusankha mbuzi.

"Manja a Jemusi," anatero m'Chinyanja chake chokhotakhota. "Bambo wako munthu wabwino. Palibe kuba, palibe kufunsafunsa. Iwe chimodzimodzi."

Bambo anga anali aakulu kwa iye, koma sindinamumvepo akuwatchula kuti inu.

Anandipezera chipinda ku Woolwich, pamwamba pa sitolo yokazinga nsomba ndi tchipisi. Landilodi anandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti bafa ndi la alendi ake ena, ine ndizisamba m'beseni m'chipinda mwanga. Zovala zanga zinkanunkha mafuta a nsomba pochoka m'mawa, girizi wa mfuti pobwera madzulo. M'basi anthu ankasiya mpando wa pambali panga wopanda munthu, ndipo sindinkadziwa ngati akuthawa fungo kapena khungu. Loweruka ndikamadutsa pamsika ndinkayenda chakumbali, chifukwa panali anyamata ometa mipala, ovala nsapato zazikulu, amene ankakonda kulavulira anthu akuda ndi amwenye. Tsiku lina anandigwetsera matimati anga pansi n'kuwaponda limodzi limodzi, ogulitsa onse akuyang'ana kumbali.

Woolwich inali tauni ya mfuti. Khoma lalitali la njerwa linkatsata msewu mtunda wonse, ndipo kuseri kwake kunali mafakitale akale kumene ankapanga mizinga ndi zipolopolo za maiko onse amene Angelezi ankalamulira. Pamene ine ndinkafika n'kuti ambiri atatsekedwa, udzu ukumera m'mazenera. Nkhalamba za m'tauniyo zinkadandaula kuti ntchito zinatha kuchokera pamene anataya maiko athu, ndipo zinkandiyang'ana ngati ine ndi amene ndinawalanda.

Kampani ya Makiyi sinali ya boma. Inali shedi yaikulu ya malata, chakumunsi kwa mtsinje, yokhala ndi kadoko kake ka matabwa. Iye ankadziwa kumene mfuti zakale za atsamunda zinatsalira, popeza anzake a kale anali akadali m'maofesi m'maiko ambiri. Ankazigula motchipa, zadzimbiri, n'kuzibweretsa ku shedi. Ife tinkaziphwasula, kuziviika m'migolo ya palafini, kuzikwecha ndi burashi yawaya, kusintha zoduka, kuzipaka girizi watsopano n'kuzikulunga m'mapepala a mafuta. Nthawi yozizira zala zinkang'ambika ndipo palafini akalowa m'ming'alumo unkamva mpaka m'mano. Ndipo lamulo la ku Zomba analibweretsa momwemo. Mabawuti ankakhala m'chipinda chokiya, makiyi m'chiuno mwake.

Tinalipo antchito asanu ndi mmodzi. Wakuda mnzanga anali mmodzi, Ba Tembo, Mzambia wa cha ku Luangwa, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi. Anabwera kudzaphunzira zamakina, maphunziro n'kumukanika, n'kutsakamira. Iye ndi amene anandiphunzitsa kuika manyuzipepala m'kati mwa malaya, kukwera feri yowolokera tsidya lina, ndiponso kumene kunkapezeka ufa wa chimanga kwa amwenye. Pa nthawi ya tiyi azungu ankakhala pafupi ndi hita, ife pa mabokosi pafupi ndi chitseko.

"Mufana, apa ugwile nchito na manja, koma maso yako yasagone," ankandiuza m'Chinyanja chake cha m'tauni.

Makiyi ankakonda kundionetsa kwa alendo ake. Akabwera ogula, amuna a masuti osatchula maina awo, ankandiitana kuti ndiphwasule mfuti ndi maso omanga ndi nsanza. Ndikamaliza ankandisisita paphewa n'kuyamba kufotokoza m'Chingelezi momwe ankayendetsera nyumba ya zida ku Nyasaland, kuti pa zaka zake zonse sipanasowepo chipolopolo ngakhale chimodzi, kuti chinsinsi chake n'chakuti wakuda umuphunzitse chitsulo chilichonse koma kiyi usamupatse. Alendowo ankaseka. Ine ndinkaima pamenepo, nsanza ili m'manja, ngati sindikumva.

Chaka china kunabwera mabokosi ochokera kumwera kwa Africa. Nditatsegula loyamba ndinaona kuti mfuti iliyonse inali ndi kachitsulo ka mkuwa kozungulira, kokhomedwa pa mtengo wakumbuyo, kodindidwa nambala. Ndinaidziwa ntchito imeneyo. Bambo ankadinda manambala amenewo ndi hamala, ndipo seveni wawo ankapendekera kumanzere chifukwa chidindo chake chinali chophwanyika pangodya. Pa chitseko cha nyumba yathu anadindapo nambala ndi chidindo chomwecho. Ndinakhala pansi pa simenti ndi mfutiyo pamiyendo.

Makiyi anandipeza choncho ndipo anasangalala kwambiri. "Za Zomba izi. Ana anga abwera kunyumba," anatero. Kenako anandipatsa sikuludalaiva. "Chotsa mkuwa wonse. Kwecha nambala zonse. Wogula safuna kudziwa kumene zachoka."

Sabata yonse ndinakhala ndikufafaniza ntchito ya bambo. Tizitsulo ta mkuwato anatisonkhanitsa m'chitini n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Lamlungu ndinkapita ku Peckham, ku holo ina kumene Amalawi ankasonkhana kupemphera. Ambiri anali othawa kwawo chifukwa cha ndale, anthu ophunzira, ana awo oyankha m'Chingelezi ukawapatsa moni. Poyamba anandilandira. Koma tsiku lina tikumwa tiyi, a Mwale, amene anali aphunzitsi asanathawe, anandikhazika pambali.

"Achimwene, inu munabwera bwanji kuno?"

Ndinawauza.

"Ndiye kuti pasipoti yanu ndi yamoyo. Makalata anu amafika kumudzi, a kumudzi amafika kwa inu. Ife amayi athu akamwalira timamva patapita miyezi itatu. Inu muli ndi mwayi wotani?"

Ndinati ine za ndale sindizidziwa, ndinabwera kudzagwira ntchito. Anafunsa kuti kwa yani. Nditatchula dzina, kapu anaiika pansi.

"Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland malume anga anawomberedwa pamsonkhano, alibe ngakhale ndodo m'manja. Mfuti za tsiku limenelo zinatuluka m'nyumba imene bambo anu ankasesa, ndipo amene anatsegula chitseko ndi bwana wanuyo. Lero mwamutsatira mpaka kuno. Kodi kumudzi kwanu kulibe khasu?"

Kuyambira pamenepo ndikalowa m'holomo nkhani zinkaduka. Wina anafalitsa kuti ndine kazitape wa boma. Azimayi ankandipatsa mbale osandiyang'ana. Ndinasiya kupita, ndipo palibe anabwera kudzafunsa.

Makiyi ataona kuti ndimalemba bwino anandiwonjezera ntchito. Mabokosi akakhomedwa, ine ndinkatenga chilata chobowola zilembo, n'kupaka penti wakuda pamwamba kuti mawu atsalire pa thabwa. Ena ankalembedwa zoona zake, mfuti za alenje zopita ku America. Koma panali ena amene ankakhomedwa Lachisanu masana, ndipo pa amenewo ankandiuza kuti ndilembe kuti zipangizo za mathirakitala. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Rhodesia inali itafika povuta, ndipo lamulo linkaletsa kutumiza zida kwa azungu a kumeneko.

Ba Tembo anandipeza ndikupaka.

"Uziba kwamene yayenda aya mabokosi?"

"Palembedwa apa. Ku doko la kumwera kwa Africa."

"Na kuchoka pa doko? Mufana, osazipusisa. Aba bazungu ba ku Rhodesia banaoloka kubwela ku munzi kwasu, ati bafuna ma gerila. Banapaya mwana wa mlongo wanga ali mu bwato, agwila chabe nsomba. Manje iwe ulemba ati ni vinthu va mathilakita."

Ndinati ine ndimangolemba zimene andiuza. Ba Tembo anabwerera pa mgolo wake.

Sindikudziwa ngati Ba Tembo ndi amene analemba kalata yokanena ku boma, koma patapita masabata angapo kunabwera mkulu wina woyendera, wa chipewa ndi kachikwama. Makiyi anamulandira ndi tiyi ndi mapepala oyera bwino. Mabokosi a Lachisanu anali atapita kale. Mkuluyo akutuluka, Ba Tembo anaponya burashi pansi n'kumuimitsa. Ananena zonse m'Chingelezi chomveka, pamaso pa aliyense, mpaka masiku amene malole ankabwera. Mkuluyo anafunsa kuti amalemba pa mabokosi ndani. Onse anatembenukira kwa ine.

"Kodi munalembapo zipangizo za mathirakitala pa bokosi la mfuti?"

Makiyi anali ataima kumbuyo kwa mkuluyo. Sanandiopseze ndi maso. Anangoyankhula pang'onopang'ono m'Chinyanja, ngati akundithandiza kumva funso. "Pemiti yako ili kwa ine. Bambo wako akudikira malata a nyumba."

Ndinati sindinalembepo zotero.

Mkuluyo analemba m'kabuku kake n'kupita. Ba Tembo anachotsedwa ntchito ola lomwelo, amvekere ndi chidakwa chofuna kuipitsa kampani. Akutenga chikhoti chake anadutsa pafupi nane. Ndinkayembekeza chibakera ndipo ndikanachilandira. Anangoti, "Nenze kuganiza ati ndiwe mubale wanga."

Malata a bambo anagulidwa chaka chomwecho.

Nkhondo ya ku Rhodesia inatha koma mabokosi a Lachisanu sanathe. Tsopano ndinkalemba kuti zipangizo za mapampu a madzi, ndipo doko linali lomwe lija. Sindinafunsenso. Tiyi ndinkamwa ndekha pa mabokosi. Zaka zinadutsa zofanana ngati njerwa za khoma lija, shedi, basi, chipinda. Sindinakwatire. Kumudzi ndinkalemba kuti ndine kalaliki wa kampani ya zitsulo, ndipo ndinkatumiza mabulangete, nsapato za ana, ndi jekete lachikopa la alamu. Bambo okha ndi amene ankadziwa kuti kwa Makiyi kulibe zitsulo zina koma mfuti, ndipo sanauze munthu.

Kalata ya a Edina inafika nthawi ya chisanu. Inali yaifupi. Alamu anali pa ulendo wochokera ku Zimbabwe kudzera msewu wa Tete, mu mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Zigawenga zinawabisalira patchire. Lole yawo inali yachitatu. Anawawombera ali pa chiwongolero, lole n'kuyaka. Chimene chinabwera kunyumba chinali bokosi lokhomeratu, ndipo anawauza kuti asatsegule. Ana anayi, wotsiriza akuyamwa.

Aliyense ku London wowerenga nyuzipepala ankadziwa kuti zigawenga zimenezo zinkalandira zida kuchokera kumwera, kumene mabokosi anga ankapita.

M'mawa mwake ndinalowa muofesi ya Makiyi osagogoda, n'kukhala pampando osauzidwa. Ndinamuuza za alamu. Ndinamufunsa kuti mapampu a madzi aja amathera kuti.

Anayankha m'Chingelezi, mwina kuti ndimve bwino. Anati akupepesa za mlamu wanga, koma mfuti zimene akumenyera ku Mozambique ndi zatsopano, za ku Russia, si zakale ngati zake. Anati iye amagulitsa kwa munthu wa mapepala, ndipo kumene munthuyo akazipititse si nkhani yake. Ndinati ngati ndi choncho, bwanji timanama pa mabokosi? Pamenepo nkhope inafiira ndipo anabwerera ku Chinyanja.

"Iwe ndi bambo wako mwadya mfuti moyo wanu wonse. Sukulu yako, mfuti. Malata, mfuti. Jekete la mlamu wako, mfuti. Ine ndinakuchotsa pa njinga. Tsiku lija anakufunsa, iwe unayankha wekha. Tsopano pita, Lachisanu pali mabokosi."

Mwina ankanena zoona za mfuti za ku Russia. Sindinadziwe nthawi imeneyo ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chipolopolo chimene chinapha alamu chinatuluka mu mfuti imene ine ndinapukuta. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ndinalemba bodza pa mabokosi kwa zaka zambiri, ndipo mfuti zimenezo sizinapite kukapopa madzi.

Lachisanu m'mawa Makiyi anatsegula chipinda cha mabawuti, n'kundiuza kuti ndiwatengere pa tebulo lolongedzera, monga mwa masiku onse. Ndinawadzaza mu wilibala, mabawuti a katundu yense wa tsikulo. Makiyi anabwerera muofesi kukayankha foni. Ine sindinakhotere ku tebulo. Ndinatuluka pa chitseko cha kumtsinje, n'kuyendetsa wilibala pa kadoko ka matabwa mpaka kumapeto. Madzi anali atadzaza, akuda ngati khofi, ndipo pansi pake pali matope okwana kumiza munthu. Ndinakhuthula. Wilibala nayo ndinaikankhira momwemo.

Azungu ogwira nawo ntchito aja anaima pa chitseko akuonerera. Makiyi anabwera akuthamanga, makiyi akulira m'chiuno. Anayang'ana m'madzi, n'kundiyang'ana ine. Anandimenya mbama, ngakhale anali munthu wokalamba. Ndinamugwira mkono n'kuubweza pansi.

"Itanani apolisi," ndinatero. "Ndiwauza kuti ndataya mabawuti a mapampu a madzi."

Sanawaitane. Anandiuza kuti ndichoke ndipo adzalembera bambo anga kuti anabala wakuba. Ndinamva pambuyo pake kuti anapeza mabawuti ena kwa mnzake, ndipo mabokosiwo anapitabe, mochedwa ndi mwezi umodzi. Ndi zokhazo zimene ndinatha.

Ndisananyamuke ndinakafunafuna Ba Tembo. Ndinawapeza ku Barking, akusesa pa siteshoni ya sitima. Anali ataonda, ndevu zitayera. Chichotsedwere ntchito sanapezenso ya makina, chifukwa Makiyi anakana kuwalembera kalata ya umboni. Ndinawauza za alamu ndi za mabawuti. Anamvetsera atatsamira tsache.

"So bakupayila wako, ndiye wayamba kuona," anatero. "Wa mlongo wanga sanali muntu?"

Ndinapempha kuti andikhululukire.

"Yenda kwanu, mufana. Nili pa nchito."

Ku Zomba ndinapeza mitengo ya m'mbali mwa msewu itadulidwa, msika utakula, anthu akuyankhula motsitsa mawu kuposa kale. Bambo anali atakalamba kwambiri, maso akuona pang'ono. Kalata ya Makiyi inali itandipitirira kale, ndipo mwana wa oyandikana nawo anawawerengera. Sanadzuke pampando.

"N'zoona kuti unataya katundu wa bwana m'madzi?"

Ndinawafotokozera zonse, za mabokosi, za Ba Tembo, za doko la kumwera. Ndinkaganiza kuti akamva dzina la mkamwini wawo amvetsa.

"Ine zaka zonse zija sipanasowepo ngakhale sikuluu," anatero. "Iwe wandichotsera dzina tsiku limodzi. Wantchito safunsa kumene katundu akupita. Ukanafuna kusiya ukanasiya mwaulemu."

"Nanga alamu?"

"Likoswe anamupha ndi anthu akuda anzake. Bwana analiko ku Tete?"

Ndinagona m'nyumba imeneyo masiku atatu, ndipo tinkangoyankhulana za mvula.

Tsiku lachinayi ndinakwera basi ya ku Limbe kumene a Edina ankakhala. Ndinawapeza pakhonde akusoka mayunifolomu a sukulu pa makina, ndiyo inali ntchito yawo tsopano. Atandiona anasiya makinawo, n'kundikumbatira, n'kulira. "Iwe, waonda bwanji? Kumeneko sankakupatsa chakudya?" Anatuma ana kukagwira nkhuku. Bambo anali asanawauze kanthu. Ndikanatha kudya nkhukuyo n'kukhalabe kalaliki wa kampani ya zitsulo mpaka imfa yanga.

Ndinadikira kuti ana apite kuseri, n'kuwauza. Sindinabise chilichonse, ngakhale tsiku limene ndinanama pamaso pa mkulu woyendera uja. Ndinawauzanso zimene Makiyi ananena, kuti mwina mfutizo sizinali zathu. Anamvetsera osandidula, manja ali pa nsalu imene ankasoka.

"Unayamba liti kudziwa?"

"Kalekale. Nkhondo ya ku Rhodesia isanathe."

"Ndiye mabulangete aja, nsapato za anawa, unkatumiza ukudziwa?"

"Inde."

"Abambo awo anakwera lole tsiku limenelo atavala jekete lako."

Anapinda nsalu ija n'kuiika pa makina. Kuseri ana ankathamangitsana ndi nkhuku, akuseka. Kenako anaimirira n'kukutumula tiulusi pa chitenje chawo. Atayankhulanso, mawu awo anali ofatsa, koma anali mawu amene munthu amayankhulira mlendo wa boma.

"Ana awa sanalakwe. Muziwalipirira sukulu mpaka amalize, muzikapereka kwa aphunzitsi aakulu, osati kwa ine. Akadzakula mudzawauze nokha zimene mwandiuzazi, ine sindikusenzerani. Koma pakhomo pano musamabwere."

Achemwali amene anandisambitsa ndili khanda, amene moyo wanga wonse ankanditchula kuti iwe, anali atandipatsa ulemu wa inu.

Anawo onse anamaliza sukulu, ndipo aliyense atakula ndinamuuza ndekha. Awiri amandiyendera, awiri ayi. Ine ndinabwerera pamsika kukonza njinga mpaka maso atafooka. A Edina timakumana pa maliro okha. Pa maliro a bambo tinakhala pa mkeka umodzi masiku awiri, ndipo pobalalika anagwada pang'ono monga amachitira kwa akuluakulu a mpingo, n'kunena kuti, "Muyende bwino, bambo." Ndinayankha kuti zikomo, n'kupita kukadikira basi.